Ndinalondera munda ndekha, lero akuti ndine wamwano

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, wa ana awiri. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma mu 2021 bambo a anawa ananditenga chitengwa n'kubwera nane ku Nkhotakota, kumtunda kufupi ndi waya wa nkhalango, komwe amalume awo anatipemphera malo kwa amfumu. Tinapeza tchire, zitsa ndi miyala, mjigo uli pa ulendo wa ola lathunthu. Chaka choyamba tinadzala chimanga monga kwathu, nguluwe ndi anyani n'kumaliza chonse. Njala itatipana, bambowa anati apite kunyanja akakhale mlovi kwa mwini ukonde wina, miyezi itatu basi. Anakhalako chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndalama anatumiza kanayi pa foni.

Mayi wina woyandikana naye anandipatsa mitengo ya chinangwa, nandiphunzitsa kuviika ndi kuphika kondowole. Ndinkagona mumsasa ndi chitini m'manja, ana ndatsekera m'nyumba. Usiku wina mtengo utagwera waya, njovu zinayi zinalowa m'munda ine ndili momwemo. Mwana wamkulu anadwala, LA osamuthandiza, kuchipatala cha boma n'kupeza kuti ndi kaodzera. Anachira. Ndinalowa banki mkhonde, ndagula mbuzi zitatu, nyumba ndafolera malata.

Bambowa abwera mu Julayi ndi kachikwama kokha. Akuti ndasintha, ndine wamwano, chifukwa ndinagulitsa makaka osawapempha. Akufuna tigulitse mbuzi agule nyale za usipa abwererenso. Sanandimenyepo, koma masiku ena nsima yanga sadya. Mayi anga akuti ndibwerere kwathu, apongozi akuti banja n'kupirira. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinalakwa kuzolowera kuchita zinthu ndekha. Ndimawakondabe. Nditani?

Mayi wa ana awiri, Nkhotakota

Mwana wanga,

Sunalakwe. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pa anthu onse amene wawatchula m'kalatamu, palibe amene wakuuza, ndipo ndikuona kuti wayamba kukhulupirira zoti ukanakhala mkazi wabwino ukanangokhala pakhonde kudikira foni kuti ilire. Ukanatero, bamboyo akanapeza manda kapena bwinja.

Malo amene uliwo ndi ovutadi, usamadziyese wofooka ukatopa. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, njovu zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mwina amalume a amuna ako pokupempherani malowo ankakumbukira nkhalango yakale ija yopanda kanthu, koma iwe unafika itadzazanso. Waya wamagetsi umathandiza kwambiri, komabe ukadzaona pomwe waduka, uza amfumu ndi alonda a nkhalango tsiku lomwelo. Ndipo chonde, zoyandikira njovu usiku wekha ndi chitini usadzachitenso. Chinangwa chimadzalidwanso. Pa kaodzera unachita bwino kubwerera kuchipatala, chifukwa amayamba ngati malungo ndipo ambiri amachedwa nawo kwa asing'anga. Kashembe, amene amafalitsa matendawa, amakopeka ndi nsalu yabuluu ndi yakuda, n'chifukwa chake misampha yake imakhala ya mitundu imeneyo, ndiye ana usawaveke zotere popita kumunda.

Tsono za amuna akowo. Tayesa kuima pamene aima iwo. Anachoka ali mwini nkhani, amene anakutenga kwanu ndi lonjezo la malo aakulu. Abwera ndi kachikwama, n'kupeza malata amene sanagule, mbuzi zimene sadziwa mtengo wake, ana akuthamangira kwa iwe pa chilichonse. Aliyense wodutsa panjira akudziwa amene anakhoma malatawo. Chimene akuchitcha mwano wako ndi manyazi awo, ndipo nsima akuikanayo akuikana chifukwa mbamu iliyonse ikuwakumbutsa kuti ufawo sanaulime. Nyale za usipazo ndi njira yothawira maso a anthu.

Ndawamvetsa, koma sindikuwaikira kumbuyo. Anthu amakonda kunena kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo mwambi umenewu ine ndinatopa nawo, chifukwa amene amasoka zigamba zake ndi akazi ngati iwe. Miyezi 20, kutumiza ndalama kanayi, mwana ali gone m'chipatala: pamenepa pali mlandu wofuna kuyankha. Apongozi ako akamati pirira, afunse mwaulemu kuti zimene wachita zaka zonsezi dzina lake n'chiyani.

Pali zina zimene sunalembe koma ndiyenera kuzinena. Kudooko moyo wake timaudziwa: ndalama za usiku umodzi, mowa, ndi zibwenzi zosinthana ndi nsomba. Sindikunena kuti amuna ako anachita zimenezo. Ndikunena kuti mupitire limodzi kukayezetsa magazi, sabata ino ngati n'kotheka, ndipo kuyezetsa m'zipatala za boma ndi kwaulere. Uwafunsenso pa awiri, ana atagona, ngati kunyanjako anasiyako munthu kapena mwana. Kufunitsitsa kubwererako kumeneku kuli ndi chifukwa chake, ndipo ndi bwino uchimve kuchokera pakamwa pawo.

Mbuzi usagulitse. Mbuzizo ndiye chipatala cha ana ako ndi chakudya cha mu Febuluwale.

Itanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo akumanirane pakhomo pako pomwepo, osati kwa apongozi. Ndikufuna amalume ako a ku Ntchisi ayende m'mizere ya chinangwayo, aone msasa umene unkagonamo, akhudze malatawo. Mayi ako akukuitana chifukwa m'maganizo mwawo ukadali mwana uja anakwera galimoto akulira mu 2021. Sakudziwa chimene angakuuze kuti usiye. Pa bwalo limenelo nkhani zikhale zitatu: amuna ako afotokoze za miyezi 20 ija, mugwirizane kuti chuma cha pakhomo chiziyenda bwanji, ndipo mukambe za malo.

Za malozi ndiye zimandisowetsa tulo pa kalata yako. Uli pa chitengwa, ndipo amene anakagwada kwa amfumu ndi amalume a mwamuna. Zinthu zitavuta mawa, kapena amuna ako atamwalira, achibale angadzanene kuti mundawo ndi wa kuchimuna, iwe unangobwera. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo m'mayina a anthu awiri, ndipo m'komiti ya malo ya m'mudzi, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa amayenera kukhala amayi. Ngati kalemberayu wafika kwanuko, dzina lako lilembedwe pamodzi ndi lawo. Ngati sanafike, pitani kwa amfumu ndi ankhoswe, alembe m'buku mwawo pamaso pa mboni kuti mundawo ndi wa inu nonse ndi ana anu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanenanso kuti banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Amayi anzako a banki mkhonde asunge bwino buku lija, chifukwa likuonetsa kumene mbuzi ndi malata zinachokera.

Nawenso uli ndi pokonza, pang'ono. Munthu akakhala nthawi yaitali akuganiza yekha, kugamula yekha, pakamwa pamaiwala kuuza mnzake. Makaka aja sunafunikire kuwapempha, anali thukuta lako, koma ukanawauza usiku wake kuti mawa ndikupita kumsika, ndalamazo ndikufuna tichite zakuti, mukuona bwanji. Mwamuna amene wabwera wopanda kanthu akapezanso kuti palibe chomufunsa, amadziona mlendo pakhomo pake, ndipo mlendo sachedwa kutsanzika. Apatse ntchito yoti adzaloze n'kunena kuti iyi ndi yanga. Kulondera usiku kukhale kwawo tsopano, iwe ugone ndi ana. Ngati pali tchire lotsala, aswe mphanje. Aphunzire za njuchi: uchi uli ndi msika, ndipo njovu zimaopa njuchi, moti ming'oma yokolekedwa m'malire mwa munda imathandiza kuzibweza. Akakolola chawochawo kamodzi kokha, udzaona ngati nsima adzaikanabe.

Ku Ntchisi upite ukaone mayi ako, ndi thumba la kondowole pamutu ndi tsiku lobwerera lodziwika. Akakanitsitsa zonsezi bambowa, n'kusankha nyanja, asiye apite, koma apite ndi kachikwama komwe anabwera nako, iwe utsale pa munda wako. Ndipo tsiku limene adzakwezere dzanja pa iwe kapena kutulutsa mbuzi m'khola usiku, usadikire ankhoswe, pita ku Victim Support Unit ya polisi.

Undilembere ankhoswe akakumana. Undiuzenso za mwana uja, ngati anayambiranso sukulu.

Azakhali