Kadimba ka magetsi m'khitchini: kodi bonongwe angamere?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Luton, m'nyumba yosanja yopanda ngakhale kabwalo. Mwana wanga wamkazi anandigulira kamakina kodzalamo masamba m'madzi popanda dothi, kokhala ndi nyali pamwamba komanso kolumikizana ndi foni. Basil wakula bwino, koma madzi abiriwira, coriander wachita maluwa asanakule n'komwe, ndipo m'mbali mwa thanki mwayera ngati munathiridwa laimu. Chinanso, mtima wanga uli pa bonongwe ndi mpiru. Kodi zingamere mmenemu? Mayi wa ku Luton

YANKHO: Amayi, choyamba mwanayo mumuthokoze. Kumeneko mu Disembala dzuwa silikwana maola 8 pa tsiku, nalonso ndi lija lofooka, ndiye pazenera pokha masamba amangotalika ngati ulusi. Nyali ya LED ija ndiyo ikulowa m'malo mwa dzuwa, maola 14 mpaka 16 tsiku lililonse. Sidya magetsi ambiri: ngati ndi ya mawati 24, pa mwezi ndi mayuniti pafupifupi 12.

Koma dzina loti "smart" (kanzeru) limene amatchulira timakina totere lisakupusitseni. Nzeru za kamakinako n'zowerengeka: kuyatsa ndi kuzimitsa nyali, kuyendetsa madzi ndi kapampu, ndi kulira pa foni madzi akatsika. Ndere sikaziona. Zobiriwira mukunenazo ndi ndere, zomwe zija za m'chithaphwi, ndipo zimabwera kuwala kukalowa m'madzi a feteleza. Ndikukhulupirira kuti pali mabowo ena amene simunadzalemo ndipo ali pululu. Atsekeni ndi zotsekera zake kapena kapepala konyezimira kophikira. Kenako khuthulani madzi onse, tsukani thanki, thirani atsopano ndi feteleza wa mlingo wolembedwa pabotolo. Muzichita zimenezi pakatha masabata awiri kapena atatu. Musawonjezere feteleza poganiza kuti mukuzikomera mtima, nsonga za masamba zimapsa.

Zoyerazo ndi madzi anu a pampopi. Dera la Luton lili pa miyala ya choko, ndiye ndi zomwe zija zimamatirira m'ketulo yanu. Vuto si maonekedwe okha ayi. Madzi otere amakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi: ikakwera ndiye kuti asidi wachepa), pamene mbewu za m'madzi zimafuna pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ikakwera, mizu imalephera kuyamwa ayironi, ndipo mudzaona masamba ang'onoang'ono a kunsonga akuchita chikasu pomwe mitsempha yake ili yobiriwira. Gulani timapepala toyezera pH, n'totsika mtengo, ndipo muzisakaniza madzi a pampopi ndi osefa. Zomatirirazo zimachoka ndi viniga, bola mutsukuluze bwino.

Coriander ndi wamanyazi ndi kutentha. Ngati kamakinako kali pafupi ndi chitofu kapena hita, amathamangira maluwa. Kasuntheni, ndipo muzifesa wina pang'onopang'ono m'malo modalira tsinde limodzi.

Basil yekhayo ndiye mfumu ya makina amenewa. Mukamununkhiza mukumbuka mpungabwe uja tinkathamangitsira udzudzu kumudzi, ndi pachibale ndithu. Musamathothole masamba apansi. Tsinani nsonga pamwamba penipeni pa masamba awiri oyang'anana, pamenepo padzatuluka nthambi ziwiri. Mukamusiya, amatalika n'kukagunda nyali, anzake onse n'kukhala mumthunzi.

Tsopano za bonongwe. Kumera amera, ndipo amamera msanga, koma bonongwe ndi wamtali, kumunda amapitirira mita, pamene mkono wa nyali yanuyo sutalika choncho. Mungamudye ali wanthete basi. Mpiru ndiye umalolera, chifukwa umakonda kozizira ndipo mukhoza kumakolola masamba akunja wina ukuphuka. Komabe ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ndinadzaza mabowo onse 6 a kamakina kanga ndi mpiru, n'kudikira mwezi wathunthu, ndikuuyang'ana m'mawa uliwonse ngati khanda. Tsiku lokolola ndinadzaza kambale, ndinakazinga ndi tomato ndi anyezi, n'kuvundukula mphika: masipuni atatu. Bambo a kunyumba anafunsa ngati ndiwozo zinali zolawa chabe. Nsima tinamalizira ndi mazira.

Ndiye maganizo anga ndi akuti kamakinako mukasiyire zonunkhiritsa ndiwo ndi tiyi: basil, minti, parsley. Parsley amachedwa kumera, mpaka masabata atatu, musamutaye msanga. Minti muzimudula mizu, apo ayi imakola kapampu. Bowo limodzi kapena awiri ikani mpiru wongosangalatsa mtima. Za mphika weniweni pitani ku Bury Park, dera la mu Luton momwemo, m'mashopu a amwenye. Bonongwe anthu a ku Jamaica amamutcha callaloo, a ku Bangladesh wofiira uja amati lal shak, ndipo mpiru mukafunse sarson. Mwina mwakhala mukuzidutsa osadziwa.

Kwa owerenga a kuno kumudzi amene mukusirira, kumbukirani kuthima kwa magetsi. Kapampu kakaima nthawi yaitali kukutentha, madzi amatha mpweya, mizu yoyera ija imasanduka yabulauni ndi yoterera, n'kuyamba kununkha. Kadimba kanga kanafa choncho mu Okutobala wina, ndili ku maliro masiku atatu. Panopa thankiyo ndimasungiramo zikhomo zoyanikira zovala, ndipo minti ali m'chidebe chakale cha penti kuseri kwa khitchini.