Kwa amene akufuna upolisi koma akulingalira za satifiketi ya criminology

Lachiwiri wina anandilembera imelo ya mizere inayi yokha. Akuti akufuna kulowa upolisi, ndiye ayambe kaye wachita satifiketi ya criminology (maphunziro ofufuza za umbanda ndi zoyambitsa zake) ku yunivesite, kapena kumeneko n'kutaya ndalama? Ndinawerenga nditagona kale, tulo n'kubalalika, poti funso lomweli ndinadzifunsa ine mochedwa, nditavala kale yunifolomu zaka 7.

Ndinalowa ntchito ndisanamvepo n'komwe mawu oti criminology. Kusukulu ya apolisi anatiphunzitsa kuguba, kumanga munthu unyolo osamuvulaza, kulemba sitetimenti ndi kuloweza ndime za malamulo. Zonsezi n'zofunika, ndipo palibe yunivesite ingakuphunzitseni. Koma ukafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: "Ndi mmene timachitira."

Amene anandikankhira m'kalasi ndi mayi wina. Anabwera pa kauntala kasanu konse kudzadandaula kuti mwamuna wawo akuwamenya. Ulendo wachisanu anafika pakati pausiku, mlomo wotupa, mwana akugona paphewa, nsapato kuphazi limodzi. Ndinatsegula buku kuti ndilembe, ndipo pobwerera masamba ndinapeza kuti madandaulo anayi oyambawo onse anali m'zolemba zanga. Mawu omwewo, ngati ndakopera. Manyazi anandigwira kuposa chisoni, ndisaname.

Patapita miyezi ingapo ndinali pa benchi madzulo, pakati pa achinyamata ongochoka kumene kusekondale. Mphunzitsi anatifotokozera kafukufuku amene akatswiri awiri, Lawrence Sherman ndi Richard Berk, anachita mumzinda wa Minneapolis ku America mu 1981 ndi 1982. Pa milandu ya nkhanza za m'banja yosavulaza kwambiri, apolisi ankachita chimodzi mwa zitatu: kumanga wolakwa, kumuchotsa panyumba kwa maola angapo, kapena kungolangiza. Omangidwa ndiwo anabwereza nkhanza mocheperapo. Mtima unati phee, ndinati yankho ndalipeza: mangani basi! Sabata yotsatira mphunzitsi yemweyo anandithira madzi ozizira. Atayesanso m'mizinda ina zotsatira zinasiyana, ndipo ku Milwaukee kumanga kunkathandiza pa amuna a pantchito, pamene pa osagwira ntchito nkhanza zinkaonjezeka. Ndinatuluka nditakwiya. Ndinalipira fizi kuti andiuze chochita, iwo n'kundipatsa mafunso ena.

Mkwiyo umenewo lero ndimauthokoza, ngakhale unandipalamulitsa. Titaphunzira za kafukufuku wa ku Kansas City, mzinda winanso wa ku America, mu 1972 ndi 1973, komwe anagawa madera 15 olondera apolisi patatu, kwina n'kuchotsa magalimoto olondera, kwina kusiya mmene zinalili, kwina kuchulukitsa, koma umbava osasintha kwenikweni ngakhalenso mantha a anthu, ndinathamanga nazo kwa bwana wanga ngati ndatola ndalama. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungofunsa kuti, "Ndiye magalimoto tiwaimike, iwe uziwerenga?" Mwezi wonse wotsatira ndinagwira usiku. Chopweteka n'chakuti nkhaniyo ndinangoimva theka. Mu 1989 Sherman yemwe uja ndi anzake anapeza kuti ku Minneapolis theka la mafoni oitana apolisi linkachokera ku malo pafupifupi 3 okha pa 100 alionse. Kulondera sikunali kopanda ntchito ayi, vuto linali kungozungulira paliponse m'malo moima pamene pali povuta. Bwana uja malo otero ankawadziwa ndi mapazi ake, kungoti sanawalembepo.

Ndiye ndinene poyera, ena akwiye akwiye. Wapolisi asamakwezedwe udindo wolamula anzake asanakhalepo m'kalasi momwe wina akumuonetsa ndi manambala kuti zimene wakhala akuchita mwina sizigwira ntchito. Komanso mphunzitsi wa za upolisi amene sanakhalepo pa kauntala usiku umodzi azichepetsako mawu. Ndinali naye mmodzi wotero, wodziwa mabuku zedi, koma ankalankhula za apolisi ngati akunena za nyama zakutchire zimene anaziwerenga penapake.

Kukokana kumeneku n'kwakale. August Vollmer, yemwe anali mkulu wa apolisi mumzinda wa Berkeley ku America, anayambitsa maphunziro a apolisi pa University of California mu 1916, ndipo apolisi ake ophunzirawo ankasekedwa. Pajatu criminology nayo ili ndi zochititsa manyazi zake. Cesare Lombroso, dokotala wa ku Italy, mu 1876 ankati chigawenga chimadziwika ndi maonekedwe a mutu ndi nsagwada. M'kalasi tonse tinaseka. Ine kuseka kunathera panjira nditakumbukira anyamata amene ndinawaimitsapo mumsewu chifukwa choti "akuoneka okayikitsa."

Ndiye muchite chiyani?

Satifiketi siikupangani wapolisi. Mukalembedwa ntchito, kusukulu ya apolisi mudzapitabe ndipo mudzaguba ngati wina aliyense. Funsani kaye olemba ntchitowo ngati pepalalo amaliwerengera, polowa kapena pokweza udindo. Ku yunivesiteko funsani ngati maphunzirowo adzawerengedwe mukadzafuna dipuloma kapena digiri, ndipo onani ngati muli phunziro la kafufuzidwe ndi kawerengedwe ka manambala, poti nyama ili pamenepo. Ngati mwayi wa ntchito ulipo panopa, lowani, satifiketi idzakupezani. Ine zinandilowa chifukwa phunziro lililonse linkandikumbutsa nkhope ya munthu, pamene anzanga achinyamata aja ankangoloweza kuti akhoze mayeso.

Mayi aja anabweranso kachisanu n'chimodzi ndili mkati mwa maphunziro. Tsiku limenelo buku ndinaliika kaye pambali. Ndinawafunsa ngati bamboyo ali pantchito, ngati anawaopsezapo kuti adzawapha, ndi komwe akagone ndi mwanayo tikakatenga bamboyo. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati kuli mchemwali wawo, koma alibe yokwerera. Ndinapita kukagogoda kwa bwana yemwe uja kukapempha galimoto, ndipo anaponya makiyi patebulo osafunsa kanthu.