Funsani Achimwene: mikanda pa chojambula, ngati zija za ku Nigeria

FUNSO: Achimwene, ine ndine mnyamata wa ku Bembeke, ndimalemba masaini a magolosale komanso ndimajambula zithunzi za penti zogulitsa m'mbali mwa M1. Pa Facebook ndinaona zojambula za ku Nigeria zomatidwa mikanda ndi tinsalu, zinandisangalatsa kwabasi ndiye ndinayesa, koma kasitomala wina anati zimenezo ndi zithumwa osati zojambula, kenako patangotha sabata mikanda yonse inayoyoka. Ndisiye?

YANKHO: Usasiye mphwanga. Kasitomala wakoyo mafilimu a ku Nigeria amuonjeza, china chilichonse cha kumeneko iye akuona ufiti basi.

Zimene unaonazo azungu amati mixed media, kusakaniza penti ndi zinthu zina pa chojambula chimodzi, ndipo a mtundu wa Yoruba anazipititsa patali. Ku tauni ya Osogbo kunali gulu la Mbari Mbayo lomwe linayamba mu 1962, ndiye mu 1964 mayi wina, Georgina Beier, anachititsa maphunziro ojambula ndipo anyamata omwe analowa sanali ophunzira za luso ku yunivesite ayi, ena anali a zisudzo. Jimoh Buraimoh ndi amene anatchuka ndi mikanda. Koma sikuti anangoitola poti ikuwala, anatengera chisoti cha oba, mfumu ya kwawo, chomwe chimakhala cha mikanda yokhayokha mpaka ina kulendewera kuphimba nkhope ya mfumuyo, ndiye munthu wa kumeneko akaona mkanda pa chithunzi amadziwiratu kuti apa pali ulemu.

Mnzake Twins Seven-Seven, amene anamwalira mu 2011, ankasema plywood n'kumasanjikiza kenako n'kupaka utoto. Dzinalo linabwera poti mayi ake anabereka mapasa maulendo 7 ndipo anatsala ndi iye yekha, tangoganiza.

Tinsalu tabuluu tija nthawi zambiri ndi adire, ndipo apa ndi pomwe pamandikoma ine. Amaphika phala la chinangwa, chomwechi timadyachi, n'kumalemba nalo pansalu ndi nthenga ya nkhuku, likauma amanyika nsaluyo mu utoto, akachapa phala lija pamene linali pamatsala poyera. Nike Davies-Okundaye watchuka nazo mpaka ali ndi nyumba yaikulu yoonetsera zaluso ku Lagos.

Tsono iwe chisoti cha oba chikukhudza bwanji? Chongoni ili pakhomo pako, malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, UNESCO inawazindikira mu 2006 koma ndikukayika ngati unapondako. Tsika ku Mua ukaone ku Kungoni, malo oonetsera zaluso ndi zachikhalidwe, kapena kaonerere Angoni a ku Ntcheu akuvina ngoma uone momwe amayi amavalira mikanda. Za kudambwe zokha usamale, kafunse kaye akuluakulu usanamate chilichonse, ungalipe mbuzi.

Zoyoyokazo ndikuganiza kuti unamata pansalu ndi guluu wa mapepala eti? Nsalu imapindika, mikanda imalemera. Gula kachidutswa ka plywood ndi guluu woyera wa akalipentala, tunga kaye mikanda pa ulusi uzimata mzeremzere osati umodziumodzi, ugoneke pansi usiku wonse. Ndipo usamateko chimanga kapena nyemba, anankafumbwe adzakudyera chithunzi chili pakhoma la kasitomala.