Kodi adyo ndi chamwamba zingateteze nsomba ku matenda?

Mlimi wina wandilembera imelo. Akuti nsomba zake za mtundu wa tilapia zatuluka zilonda zofiira m'mbali, zina zikufa, ndipo wamva kuti adyo kapena chamwamba zikasakanizidwa m'chakudya zimachiza. Akufunsa ngati ayambe.

Bambo, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Kutola nsomba zakufa m'mawa uliwonse pambuyo pozidyetsa miyezi n'kowawa. Koma ndisakubiseni, adyo sapoletsa zilondazo. Nsomba ikadwala imayamba ndi kusiya kudya, ndiye zimene mwaika m'chakudya zidyedwa ndi zamphamvu, zodwalazo zili phee m'mbali mwa damu. Zilonda zotero zimabwera ndi bakiteriya monga Aeromonas hydrophila, kapena nkhungu ya Aphanomyces invadans yoyambitsa matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, ndipo maso okha sasiyanitsa. Itanani mlangizi wa za nsomba msanga. Zakufa muzikwirire, ndipo ukonde wa damu limeneli usalowe m'damu lina.

Sindikunyoza zitsamba ayi. Ofufuza anazilimbikira chifukwa maantibayotiki akutha mphamvu, moti mayiko a European Union analetsa mu 2006 kuwaika m'chakudya cha ziweto pofuna kuti zikule msanga. Pa kafukufuku wambiri, nsomba zodyetsedwa adyo kapena jinja kwa milungu ingapo zinkafa zochepa zikapatsidwa bakiteriya dala. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo chobadwa nacho chimadzuka: maselo oyera a m'magazi amagwira tizilombo mwachangu, ndipo lysozyme, amene amaswa khungu la bakiteriya, amachuluka. Koma onani, zonsezi n'zodyetsa matenda asanafike. Komanso kafukufukuyo amachitikira kwambiri m'matanki aukhondo, osati m'damu lamatope.

Ndiye kayezeni kaye madzi. Pitani kudamu mbandakucha, dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa yasa, ndiye kuti mpweya wachepa usiku, ndipo nsomba yopanikizika chotero chitetezo chake chimagwa ngakhale idye adyo wochuluka bwanji. Chepetsani chakudya ndi manyowa, lowetsani madzi atsopano, ndipo ngati zathithikana, patulani.

Zikachira, apo yesani adyo. Mphamvu ya adyo ili m'mankhwala ake achilengedwe otchedwa allicin, amene amapangika pokhapokha adyo akasinjidwa, ndipo amatha ndi kutentha. Choncho musamuphike pamodzi ndi chakudya. Sinjani, sakanizani ndi timafuta pang'ono kuti amatirire, pakani pa chakudya chopanga kale, muyanike pamthunzi. Magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya chakudya ndi muyezo umene ofufuza amagwiritsa ntchito kawirikawiri. Pangani cha masiku ochepa, chifukwa chikakhalitsa chimachita nkhungu.

Chamwamba ndiye ndimachita nacho mantha pang'ono, poti anthu amathira ndi dzanja lolemera. Masamba ake ali ndi zomanga thupi, inde, koma alinso ndi mankhwala achilengedwe otchedwa tannin ndi saponin, amene akachuluka nsomba zimadya monyinyirika n'kupinimbira.

Ngati muli ndi madamu awiri ofanana, dyetsani adyo limodzi lokha, linalo chakudya cha masiku onse. Lembani m'kope zakufa tsiku lililonse, pokolola muyeze kulemera kwake, kenako mundilembere zimene mwapeza.