Eagle ya Dan Gurney: liwiro linalipo, nanga inkaferanji panjira?

Funso: Amisiri, ndinaona chithunzi cha galimoto yampikisano ya mpando umodzi, yabuluu, mphuno yake yokhota ngati mlomo wa chiwombankhanga. Akuti inali ya timu ya ku America ndipo inapambana mpikisano wa Formula One kamodzi kokha. Chinavuta n'chiyani?

Yankho: Imeneyo ndi Eagle Mk1, achimwene. Mwini wake anali Dan Gurney, amene ankaiyendetsanso yekha, ndipo amene anajambula pulani yake ndi Len Terry yemwe kale anali ku timu yampikisano ya Lotus. Thupi lake ankalipangira ku Santa Ana, California, koma timu yothamangitsa inkakhala ku Rye, England, pansi pa dzina la Anglo American Racers.

Inayamba mu 1966, chaka chimene malamulo analola injini za malita 3. Injini yawoyawo inali isanathe, choncho anayamba aikamo Coventry Climax yakale ya malita 2.7, ya masilinda 4. Yawoyawo ija, V12 ya masilinda 12 yopangidwa ndi kampani ya Weslake, inadzatulukira ku Monza, Italy, chaka chomwecho, ndipo itakhwima inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 400. Mphamvu zimenezo zinali zokwanira kulimbana ndi aliyense. Umboni ndi wa pa 18 June 1967 ku Spa, Belgium: Jim Clark mapulagi a Lotus yake atavuta, Jackie Stewart akulimbana ndi giya ya BRM, Gurney anadutsa n'kupambana pa liwiro loposa makilomita 230 pa ola. Apo n'kuti patangopita sabata imodzi chipambanireni mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France pamodzi ndi woyendetsa mnzake A.J. Foyt.

Vuto linali kapangidwe ka injiniyo. Makina osemera zitsulo ku Weslake anali akalekale, ndipo zambiri ankamalizitsa ndi manja. Zotsatira zake, chitsulo cha injini imodzi sichinkalowa bwino mu inzake, ngakhale zonse zinali za mtundu umodzi. Aliyense amene anaphwasulapo injini akudziwa ululu wake. Ukakhala ndi injini zofanana, imodzi ikafa umangozula chitsulo ku inzake ntchito n'kupitirira. Koma apa chilichonse chinkafuna kupala ndi kuyeza mwatsopano, mpikisano uli mawa. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe Eagle inagonjera, osati pamsewu.

China chinali oyilo. Injini zampikisano sizisunga oyilo mu sampu, chidebe cha pansi pa injini. Pampu imamukoka n'kumubwezera mu thanki yapadera. Pa Weslake oyiloyo sankakokedwa msanga, ndiye ankadzadzana pansi, kirankishafiti n'kumazungulira ikumutakasa. Zikatero mphamvu zimachepa, kutentha kumakwera. Galimoto inkanyamuka yaukali, koma ikazungulira kangapo inkayamba kulefuka.

Nthawi zina chinali chitsulo china ndithu. Ku Nürburgring, Germany, mu 1967 Gurney anali patsogolo, kutatsala pang'ono kuti amalize, shafiti yopititsa mphamvu ku tayala inathyoka. Ndalama nazo zinali zochepa, moti pofika kumapeto kwa 1968 Gurney anali ataisiya n'kukwera McLaren.

Funso: Ndamvanso kuti inapangidwa ndi chitsulo choyaka moto. N'zoona, kapena ndi nkhambakamwa?

Yankho: N'zoona, koma si zonse. Magalimotowa anapangidwa anayi. Oyambawo anali a aluminiyamu ndipo ankalemera kuposa anzawo pampikisano. Yachinayi, ya nambala 104, yomwe inapambana ku Spa ija, anaikuta ndi malata a magnesium, ndipo mapaipi a utsi ndi zitsulo zina zogwira matayala anazipanga ndi titanium kuti ipepuke.

Magnesium ndi wopepuka kuposa aluminiyamu, koma akagwira moto amayaka ndi kuwala koyera kothobwa m'maso, ndipo ukathirapo madzi umangouputa motowo. Tsono taganizani woyendetsa atakhala pakati pa matanki a petulo, atazingidwa ndi chitsulo chotero, pa msewu wa Spa wodutsa m'mbali mwa nyumba ndi mitengo. Gurney ankadziwa bwino chimene wakwera. Chaka chotsatira, mu 1968, Jo Schlesser anafera m'moto ku Rouen, France, mu Honda RA302, nayonso ya magnesium.

Kwa inu owotcherera, chenjezo ndi ili: zivundikiro zina za injini ndi za giyabokosi zimakhala za magnesium ngakhale zimaoneka ngati aluminiyamu. Musanayandikize moto kapena chopalira, tsimikizani kaye kuti n'chitsulo chanji, sesani fumbi lake, ndipo pafupi pakhale mchenga wouma, osati ndowa ya madzi.