Disiki yadzadza ndi ma log, ndifufute ziti?

FUNSO: Akulu, ndithandizeni. Ndimayang'anira seva ya database ya PostgreSQL kuntchito, ndiye anthu amadandaula kuti sisitimu ikuchedwa, ine nkuyika log_statement = all, yoti seva izilemba zonse mu ma log (mafailo olembamo zomwe zikuchitika), kuti ndione chikuvuta nchiyani. Patangotha masiku anayi disiki yadzadza, database yaima. Pano ndaona foda ya pg_wal ili ndi mafailo ambirimbiri, ndingafufute amenewo kuti ndipeze malo? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, pg_wal musayerekeze kuikhudza, chonde. Mafailo a 16MB muli kuwaonawo si ma log oti munthu aziwerenga ayi, mmenemo ndi momwe database imayamba yalemba chilichonse chosintha isanachiike m'matebulo, ndipo seva ikazima mwadzidzidzi imadzukira pa omwewo. Mukafufuta mwina osadzukanso. Simuli nokha, fodayi kale inkatchedwa pg_xlog, anthu akangoona "log" ankasesa, mpaka mu 2017 pa version 10 eni ake anaisintha dzina.

Ma log oti mufufute ali mu foda ya log mkati mwa foda ya data, kapena ku /var/log/postgresql ngati muli pa Ubuntu kapena Debian. Chotsani akalewo. La lero lisiyeni kaye, chifukwa failo yomwe seva ikulembamo ukaifufuta malo sabwerera mpaka seva itaitseka, umangoona failo yasowa koma disiki idakali 100%, mutu kuzungulira.

Tsopano za all zija. Kunena zoona munadzipweteka pachabe, all imalemba funso lililonse lomwe lafika ku database, ngakhale ka SELECT kongotenga dzina limodzi, koma osakuuzani kuti lina latenga nthawi yaitali bwanji, pomwe inu mumafuna chimenecho. Mu failo ya ma setting, postgresql.conf, ikani log_min_duration_statement = 500, nambalayo ndi ma millisecond, ndiye zolembedwa zikhala zokhazo zomwe zafika theka la sekondi, nthawi yake ili pambali pomwepo. Zikachulukabe kwezani ifike 1000. Koma musaike 0, mubwereranso ku mavuto omwewa. log_statement ibwezeni pa ddl basi, yomwe imangolemba malamulo opanga, osintha kapena ochotsa zinthu ngati matebulo, kuti munthu akafufuta tebulo muzidziwa. Kungoti ddl nayo imalemba ALTER ROLE ndi pasiwedi yake poyera, ndiye posintha pasiwedi muzigwiritsa ntchito \password mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL, ndiponso ma log a masiku anayi ajawo musamangotumizira aliyense, muli zambiri za anthu mmenemo.

Kuti disiki isadzadzenso ine ndimachita chonchi: logging_collector = on, log_filename = 'postgresql-%a.log', log_rotation_age = 1d ndi log_truncate_on_rotation = on. Mafailo amakhala 7 okha, tsiku lililonse lake, Lolemba likafika limalemba pamwamba pa Lolemba lapitalo. Pa Ubuntu pulogalamu ya logrotate imagwira kale ntchitoyi, ndiye onani kaye musanapange ziwiriziwiri. Mu log_line_prefix onjezani %u (dzina la wotumiza) ndi %d (dzina la database), apo ayi mudzaona funso lochedwa koma osadziwa kuti walitumiza ndani, ku database iti.

Zambirizi zimagwira mukangolemba SELECT pg_reload_conf(). Koma logging_collector yokha imafuna kuzimitsa nkuyatsanso seva, ndiye imeneyo dikirani anthu aweruke kaye.