Imikani kaye njingayo, achimwene

Achimwene, mwalemba muno kuti injini ya njinga yanu yamoto ikuchita phokoso logogoda. Imikani njingayo lero lomwe, musanyamulirenso munthu. Ine zinandionekera ndi njinga yamoto ya Boxer yomwe ndinagula kwa mkulu wina amene anailowetsa kudzera ku Chiponde. Tsiku logula inkalira bwinobwino, osadziwa kuti mwini wakeyo anali ataitenthetsa kale ndisanafike, n'kuthiramo oyilo wolemera wa giyabokosi ya galimoto kuti phokoso libisike. Nditangokhetsa n'kuthira oyilo wamba wa 20W-50, gu gu gu kunsi kwa injini.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina pa boma pompano. Sanatchere n'komwe khutu, anangoti ndi matapeti (tizitsulo tokankha mavavu kumutu kwa injini), n'kumanga, n'kulandira ndalama. Mawa lake ndinanyamula mayi wina ndi thumba lake la usipa kupita ku Namwera. Tikukwera Chowe, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndili pa giya 2, kugogoda kuja kunangokulirakulira, kenako kwaa! Injini yanoka, tayala lakumbuyo lagwira. Tinagwera m'mbali mwa msewu, mayi aja ekizozi inawaotcha mwendo, usipa uli mbwee pa tala. Iwo akulira, akundifunsa kuti ana awo adya chiyani, magalimoto otsika phiri akungoimba huta. Ndinawalipira usipa wonse, ndinawaperekeza kuchipatala, njinga ndinachita kukweza pa lole. Titatsegula, beringi ya konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafuti ya kunsi kwa injini) inali itatheratu, tizidutswa ta chitsulo tili ponseponse. Makaniko uja nditamubwerera akuti "munagula yakufa kale". Nanga dzulo lake sanaione? Wogulitsa uja foni yake mpaka pano siipezeka. Anthu ena alibe chisoni, ndithu.

Inu mwati phokoso lanulo limamveka kwambiri m'mawa. Tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga igunde injini, chogwirira chikhale kukhutu, injini ikulira koma isanatenthe. Ngati ndi tiki tiki kumutu, amenewo ndi matapeti, mpata wake umakhala cha m'ma 0.05 mm ndipo amatchuna injini ili yozizira. Ngati ndi tcheketcheke m'mbali mwa silinda, ndi tcheni cha taimingi kapena chokokera chake, koma njinga zambiri za Lifan za injini ya mtundu wa CG zilibe tcheni chimenechi, wina asakunamizeni kuti mugule. Kugogoda kolemera kwa pansi komwe kumakula mukanyamula katundu kapena pa chitunda, imeneyo ndi konirodi. Khetsani oyilo m'mbale yoyera, muone padzuwa ngati akunyezimira tizitsulo. Onaninso fyuluta ya mpweya, fumbi la msewu wa ku Makanjira limadya maring'i a pisitoni.

Amakanikowa musawakhulupirire msanga. Komabe injini musaitsegule nokha, pezani wachikulire amene amayamba wamvetsera asanagwire sipanala, ndipo muime pomwepo akamagwira. Mwinanso ndi matapeti basi, nthawi zambiri zimakhala choncho. Jambulani kavidiyo m'mawa mukangoiliza, muponye muno timve.